Kulemera kwa thupi ndi mankhwala aulere: tisamagoneke odwala mopitirira muyeso

Ana athu akamaonera mafilimu a zombo za m'mlengalenga, kaya pa foni ya amalume awo kapena m'nyumba zoonetsera vidiyo pa Jenda ndi pa Embangweni, pali chinthu chimodzi chimene sachidabwa. Anthu a m'chombocho ali kutali kwambiri ndi dziko lapansi, koma akuyenda bwinobwino, akuthira tiyi m'kapu osatayika, ndipo wina akamenyedwa chibakera akugwa pansi ngati ali pabwalo la mpira. Kodi chikuwakokera pansi n'chiyani?

Funsoli likumveka ngati la macheza, koma yankho lake likukhudza agogo amene agona pamphasa sabata yachitatu tsopano, mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni dzulo, ndi bambo amene anafa mbali imodzi ya thupi chifukwa cha sitiroko. Thupi la munthu limafuna kunyamula kulemera kwake tsiku ndi tsiku. Mayiko olemera akutaya ndalama zankhaninkhani pofunafuna njira yopangira kulemera kumeneku m'mlengalenga. Ife tili nako kwaulere, koma timawamana odwala athu powagoneka nthawi yaitali, tikumaganiza kuti tikuwachitira chifundo.

Mmene olemba masewera amayankhira

Ku America ndi ku Ulaya kuli masewera a patebulo ofanana ndi nthano zathu za madzulo. Mmodzi amakhala wofotokoza nthano, ndipo anzakewo aliyense amatenga malo a munthu wa m'nthanomo: woyendetsa chombo, dokotala, makaniko kapena wamalonda. Wofotokozayo akanena kuti injini yawonongeka, osewerawo amanena zimene achite, kenako amaponya madayisi kuti aone ngati zatheka. Pofuna kupewa mikangano, masewera aliwonse amakhala ndi buku la malamulo, ndipo ngati nthanoyo ikuchitikira m'mlengalenga, bukulo limayenera kunena chimene chikusunga anthu pansi.

Masewera a Traveller, amene anawalemba Marc Miller n'kutuluka mu 1977, anadzera njira yachidule. Pansi pa zipinda za chombo pamakhala zitsulo zotchedwa grav plates. Mukaziyatsa zimakokera anthu ndi katundu pansi, mukazizimitsa aliyense amayandama. Mafilimu a Star Trek amachitanso chimodzimodzi. N'zokoma kusewera, koma chipangizo chotere kulibe, ndipo sayansi imene tili nayo lero sidziwa kachipangidwe kake. Mphamvu yokoka imachokera ku kuchuluka kwa zinthu zimene zaunjikana pamodzi. Kuti mukokedwe mmene mukukokedwera pampando mwakhalapo, pafunika dziko lonse lapansi kunsi kwa mapazi anu. Mwezi, ngakhale ndi waukulu chomwecho, umangokoka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko lathuli.

Masewera ena anaikana njira yachiduleyi. A The Expanse, amene anatuluka mu 2019 kuchokera m'mabuku oyamba kusindikizidwa mu 2011, amangolola njira ziwiri zimene sayansi imavomereza. Iwo anawonjezeranso mfundo imene ife a zaumoyo timaikonda: anthu a m'nthanomo amene anabadwira n'kukulira kumalo a mphamvu yokoka yochepa amakhala ataliatali, a mafupa osalimba, ndipo akabwera nawo kuno kudziko lapansi, kungoima kumene kumakhala chizunzo.

Njira ziwiri zimene zilipodi

Yoyamba mumaidziwa kale. Minibasi ikanyamuka mwaliwiro pasiteji, msana wanu umakanikizika kumpando. Mu 1907, Albert Einstein anazindikira kuti munthu wotsekeredwa m'chipinda chopanda mawindo sangasiyanitse kukankhidwa kotereku ndi kukoka kwa dziko. Chombo chitamawonjezera liwiro mosalekeza, mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, anthu amkati angamalemere monga momwe amalemerera kwawo. Zipinda zingamangidwe ngati nyumba yosanja, injini ili kunsi. Chovuta ndi mafuta. Roketi za lero zimafika m'mlengalenga m'mphindi pafupifupi 10, mafuta ambiri atatha kale, pamene ulendo wa ku Mars ndi wa miyezi yoposa 6.

Yachiwiri ndi kuzungulira, ndipo mukhoza kuionetsa kwa ana pabwalo. Thirani madzi pang'ono m'kandowa, gwirani chogwirira, n'kuzungulitsa mkono mwachangu kudutsa pamwamba pa mutu. Ndowa ikazondoka madzi satayika, amakanirira kutako kwa ndowayo ngati kumeneko ndiye pansi. Chombo chitamangidwa ngati gudumu la njinga n'kumazungulira, anthu angamayende mkati mwa mkombero wake, mitu italoza pakati pa gudumulo. Mu 1952, katswiri wa roketi Wernher von Braun anafalitsa pulani ya gudumu lotere lotalika mamita 76 kuchokera mbali ina kufika inzake.

Mpaka lero gudumuli silinamangidwe, ndipo masamu akusonyeza chifukwa chake. Kuti munthu alemere monga padziko gudumu likuzungulira kawiri pa mphindi, pafunika mamita 224 kuchokera pakati kufika kumkombero, ndiye kuti gudumu lonse liposa mabwalo a mpira anayi ondondozana. Mukalichepetsa liyenera kuzungulira mwachangu, ndipo pamenepo munthu akangotembenuza mutu amamva chizungulire ndi nseru, chifukwa timadzi ta mkati mwa khutu timene timatithandiza kuima osadzandira timasokonezeka. Mu September 1966, Pete Conrad ndi Richard Gordon anamangirira chombo chawo cha Gemini 11 ku roketi ina ndi chingwe cha mamita 30 n'kuzizungulitsa pang'onopang'ono. Kulemera kumene kunapangika kunali kochepa kwambiri moti iwo sanakumve n'komwe m'thupi.

Komabe njirayi imagwira ntchito tsiku lililonse m'zipatala zathu. Mu labotale muli makina otchedwa centrifuge. Magazi mukawasiya m'kabotolo, tizigawo take tofiira timatsika pang'onopang'ono, ola kutha tisanamalize. Mukawazungulitsa m'makinawa kambirimbiri pa mphindi, amalemera kuwirikiza mazanamazana, ndipo m'mphindi zochepa tofiira tili pansi, madzi achikasu ali pamwamba. Umo ndi mmene a labotale amapatulira magazi asanayambe kuwayeza zinthu zambiri, kuphatikizapo kuona ngati magazi a wopereka akugwirizana ndi a wodwala. Mphamvu yokoka yochita kupanga imene a masewera amailota, ife timaigwiritsa ntchito pa kabotolo ka magazi.

Thupi likasowa cholinyamula

N'chifukwa chiyani akatswiri akuvutika chonchi? Chifukwa aona zimene zimachitikira anthu okhala pa International Space Station, nyumba yofufuziramo imene ili makilomita pafupifupi 400 kumwamba ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Mmenemo munthu amayandama usana ndi usiku, miyendo yake sinyamula kanthu.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Nthawi zonse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano, ndipo chimene chimauza omangawo kuti alimbikire ndi katundu amene fupalo likusenza. Katundu akachoka, ogumula amapitiriza ntchito, omanga amafooka. Bungwe la NASA limanena kuti m'mlengalenga mafupa a m'chiuno, msana ndi miyendo amataya pakati pa 1 ndi 1.5 peresenti ya kulimba kwake mwezi uliwonse. Kashiamu wochoka m'mafupamo amatulukira mumkodzo ndipo akhoza kupanga timiyala mu impso. Minofu ya miyendo ndi msana imafota. Magazi ndi madzi a m'thupi amakwera kumutu, nkhope imatupa, thupi limachepetsa madzi a m'magazi, ndipo munthu akabwerera padziko n'kuima amachita chizungulire, ena mpaka kukomoka. Zonsezi zimachitika kwa anthu osankhidwa, athanzi lawo, amene amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse atamangiriridwa ndi malamba pamakina othamangirapo.

Umboni woti chosowacho ndi kulemera unachokera kwa mbewa. Mu 2016, akatswiri a ku Japan anatumiza mbewa 12 kunyumba ya m'mlengalengayi kwa masiku 35. Mbewa 6 zinkangoyandama, zina 6 zinkakhala m'makina ozungulira owapatsa kulemera kwa padziko. Zoyandamazo zinabwerako mafupa ndi minofu zitachepa. Zozungulitsidwazo zinabwerako zili ngati zinzawo zimene zinatsala pansi.

Bedi limachita zomwezo

Akatswiriwa akafuna kuphunzira za m'mlengalenga popanda kukwera roketi, amagoneka anthu athanzi pabedi kwa masabata angapo, kumutu kutatsitsidwa pang'ono. Amatero chifukwa kugona osadzuka kumachita m'thupi zofanana ndi kuyandama. Mu 2019 mumzinda wa Cologne ku Germany, anthu 24 anagonekedwa masiku 60, ndipo ena mwa iwo ankawazungulitsa pamakina mphindi 30 pa tsiku. Mphindi 30 zimenezo sizinakwanitse kuletsa kufooka konse kwa thupi.

Kafukufuku amene aliyense wosamalira wodwala ayenera kumudziwa anachitika ku Dallas, ku America, mu 1966. Anyamata asanu athanzi a zaka 20 anagonekedwa masabata atatu. Atadzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo pogwira ntchito yolemetsa inali itatsika ndi 27 peresenti. Patapita zaka 30 anawayezanso ali ndi zaka 50, ndipo anapeza kuti masabata atatu a pabedi aja anawafooketsa kuposa zaka 30 za kukula. Kwa okalamba zimathamanga kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti anthu athanzi a zaka za m'ma 60 ndi 70 atagona masiku 10 anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo.

Tsopano ganizirani agogo amene malungo kapena chibayo chawagwetsa. Mankhwala agwira ntchito, kutentha thupi kwatha patsiku lachinayi, koma pakhomo aliyense akuti asiyeni apume. Phala akuwamwetsa ali chigonere. Chikho chokodzeramo chili pambali pa mphasa. Pakutha masabata awiri ayesa kuima, miyendo ikunjenjemera, maso achita mdima, agwa. Banja likuti matenda abwereranso, ena ayamba kuloza chala anthu, ndipo agogowo akugonekedwanso. Chimene chawafooketsa tsopano ndi mphasa. Kugona kumabweretsanso mavuto ena: makhololo amaunjikana m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, m'mimba mumauma, mfundo za manja ndi miyendo zimakungika, ndipo pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene pamatuluka zilonda zovuta kupola.

Sitikunyoza chifundo cha osamalira odwala. Amene wagonapo pakhonde la chipatala cha mishoni cha Embangweni kapena cha boma pa Mzimba, kuphikira wodwala, kumusambitsa ndi kumuchapira, amadziwa kuti ntchitoyi ndi yowawa. Kudzutsa munthu wamkulu wofooka n'kolemetsa, kumaopsa, ndipo wodwalayo amakana. Akatswiri ophunzitsa odwala kuyendanso ndi ochepa m'dziko muno, ndipo kumidzi ya kutali ngati ku Mabiri, Kalikumbi ndi Mpasazi sangamafike khomo ndi khomo. N'chifukwa chake nzeruyi iyenera kukhala m'manja mwa inu makolo, magadiyani ndi anthu ongodzipereka pa zaumoyo.

Kadzutsidwe kake

Yambani ndi funso kwa adokotala kapena anamwino wodwala asanatuluke m'chipatala: kodi akuloledwa kukhala tsonga, kuima ndi kuyenda? Akakuuzani kuti inde, musadikire kuti mphamvu zibwere zokha. Mphamvu zimabwera chifukwa cha kudzukako.

Wodwala adye atakhala tsonga, atatsamira khoma kapena ali pampando, chakudya chilichonse. Izi zimamupatsa mpata wodzuka katatu pa tsiku, ndiponso zimachepetsa kutsamwa, makamaka kwa amene anadwala sitiroko. Pomudzutsa musafulumire. Ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, kwa mphindi zingapo kuti magazi azolowere. Chizungulire chikapanda kubwera, aime inu mutamugwira m'chiuno, mutaima mbali yake yofooka. Musamukoke dzanja lopuwala, phewa likhoza kuguluka. Lero aime pang'ono, mawa afike pakhomo, mkuja pamthunzi wa mtengo, kenako kuchimbudzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kudzuka pamphasa n'kovuta kuposa kudzuka pabedi kapena pampando, choncho mupezereni mpando wolimba. Abambo a pamudzi akhoza kuzika mitengo iwiri ya bulugamu mondondozana, yofika m'chiuno, kuti wodwala aziyenda pakati atagwira uku ndi uku. Ndodo ikhale m'dzanja la mbali yamphamvu. Chotsani zopunthwitsa panjira ndipo usiku pakhale kuwala.

Amene sangathe kudzuka n'komwe atembenuzidwe maola awiri aliwonse, khungu lake likhale louma ndi laukhondo, ndipo mumupinde ndi kumuwongola manja ndi miyendo mofatsa kangapo pa tsiku. Ngati angathe, azigwedeza yekha mapazi m'mwamba ndi pansi, ndi kupuma mokoka mpweya kwambiri. Pamene paoneka kufiira kapena kuda kosasintha pakhungu la pamalo otsamira, dziwani kuti chilonda chayamba, ndipo auzeni a zaumoyo.

Mayi wobereka kudzera pa opaleshoni, anamwino akabwera kudzamudzutsa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, inu apongozi ndi anakubala musawaone ngati ankhanza. Kuyenda msanga kumateteza kuundana kwa magazi, kumathandiza matumbo kuyambanso ntchito, ndipo ulusi suduka chifukwa choyenda pang'onopang'ono. Chimene ayenera kupewa kwa masabata angapo ndi kusenza madzi, nkhuni ndi kulima.

Pamene simuyenera kudzutsa munthu

Lamuloli lili ndi malire ake, ndipo muwadziwe bwino. Munthu amene wagwa mumtengo, pangolo kapena panjinga yamoto n'kumamva kupweteka khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, asadzutsidwe ndipo asapindidwe. Anyamulidwe ali chigonere pachinthu cholimba ngati chitseko. Wothyoka fupa amvere tsiku limene adokotala anena kuti ayambe kupondera. Amene mwendo wake wamangiriridwa zitsulo zokoka m'chipatala sangaime, koma afunse masewera amene angachite ali pabedi. Amene wangodwala kumene sitiroko apite kaye kuchipatala mwamsanga, za kuyenda zibwera pambuyo.

Lekani kuyendetsa wodwala n'kuthamangira naye kuchipatala ngati wamva kupweteka pachifuwa, akubanika, wakomoka, wasokonezeka mutu, akutaya magazi, kapena mwendo umodzi watupa, watentha ndipo ukupweteka. Mwendo wotere musausisite, chifukwa magazi oundana akhoza kuchoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Ndipo pamene thupi latentha kwambiri, kupuma n'koyenera. Cholakwika ndi kupitiriza kugona matenda atatha.

Mafupa a ana amamangidwa lero

Mmera mpoyamba. Gawo lalikulu la mafupa amene munthu adzakhale nawo moyo wake wonse limakhala litamangidwa pofika zaka 20, ndipo chimene chimawalimbitsa ndi kudumpha, kuthamanga ndi kukwera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azisewera mothamangitsa magazi kwa mphindi 60 pa tsiku. Mpira, fulaye, jingo ndi kulumpha chingwe n'zokwanira, sizifuna ndalama. Mwana wamkazi asamalandidwe nthawi yosewera chifukwa cha ntchito za pakhomo. Khanda nalo lizitsitsidwa kumsana likakhala maso, ligone chafufumimba pamphasa inu mukuliyang'anira, mphindi zokwana 30 pa tsiku mukaziphatikiza, kuti khosi ndi msana zilimbe. Pogona tulo lokha ndiye ligone chagada.

Izi sizikutanthauza kusenzetsa mwana ndowa ya malita 20 kapena thumba la chimanga. Katundu wopitirira msinkhu amavulaza khosi ndi msana. Fupa limafunanso zomangira: usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yake, chambiko ndi mkaka kumene kuli ng'ombe, soya, nyemba, bonongwe, chisoso ndi nkhwani, komanso kuwala kwa dzuwa kumene kumathandiza thupi kupanga vitamini D.

Pempho lathu

Kwa ogwira ntchito m'zipatala, tikuti wodwala asatuluke gadiyani wake asanaonetsedwe ndi manja kadzutsidwe, kagwiridwe ndi katembenuzidwe. Mphindi zisanu zimenezo zikhoza kupulumutsa banja ku miyezi yosamalira zilonda. Kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, pamafunso anu a za mankhwala ndi chakudya onjezerani limodzi: kodi lero adzuka kangati, ndipo afika pati? Yankho mulilembe, kuti ulendo wotsatira muone ngati mtunda ukuwonjezeka. Ukamachepa, auzeni a chipatala.

Kwa amayi a Umanyano, abambo a Madodana ndi magulu a mipingo ina ndi mizikiti amene mumayendera odwala, mutu umodzi susenza denga, ndipo gadiyani mmodzi sangaimike munthu wamkulu. Mukatha kupemphera ndi kusiya ufa, funsani ngati adokotala analola kuti wodwalayo azidzuka. Ngati analola, mugwireni awiri, mumukhazike pampando pakhonde, aone dzuwa ndi anthu odutsa, kenako mupangane tsiku lobweranso kudzamufikitsa pamtengo wa mango.